Kachipinda ka a Loko

Akhristu ankawatchula kuti a Loko, koma chakumbali. Pamaso ankati abusa, uku akupereka moni ndi manja awiri. Dzinali silinali lachipongwe ayi. Nkhani ikalowa m'makutu mwa bambo amenewa ndiye kuti yalowa basi, moti ngakhale mayi busa, amene anakhala nawo nyumba imodzi zaka makumi atatu, za mumpingo ankazimvera kwa azimayi anzawo kumsika.

"Ine ndinakwatiwa ndi khoma," ankadandaula mayiwo. "Khoma lovala kolala."

Asanavale kolalayo, a Loko anali wosoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Kumvetsera anakuphunzirira pamenepo. Munthu wodikira nsapato yake, phazi limodzi lili pakatoni, amayankhula zoti sakanaziyankhula atavala zonse ziwiri, ndipo wosoka wanzeru amangoweramira singano n'kumati "eya, eya." Mpingo utawatumiza kusukulu ya ubusa, anabwerako ndi mabuku ochepa komanso lumbiro limodzi limene analigwiritsa kuposa china chilichonse: zonenedwa kwa mbusa mwachinsinsi sizituluka, ngakhale kwa mkazi wake, ngakhale zitavuta chotani.

Kuseri kwa guwa kunali kachipinda kawo. Munali tebulo, mipando iwiri, kabati ya mikanjo ya kwaya, ndi zenera limene opaka penti analimatiriza moti silinkatsegukanso. Lachitatu lililonse masana anthu ankakhala pabenchi panja, aliyense maso ali kumapazi ake, n'kumalowa mmodzimmodzi. Ankatuluka atapepukidwa, ena mpaka akuimba. Anthu a Mulungu ndi otero: amatula katundu n'kumapita, osafunsa kuti amene amutulirayo akamutula kuti. Abusa ankadziwa mkulu wampingo amene ali ndi nyumba ina kuseri kwa depoti, ankadziwa mayi wa kwaya amene amabisa botolo m'dengu la zochapa, koma Lamulungu onsewa ankawagwira chanza mofanana. Anzawo ocheza nawo analibe. Ungacheze bwanji ndi munthu ukuopa lilime lako lomwe?

Zaka zinayi zapitazo m'kachipindamo munalowa mlendo, mwamuna wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wokonza zamagetsi. Anakhala pampando chipewa chili pamaondo n'kulira ngati mwana. Anati kumene ankachokera anasiyako mkazi amene anakhala naye zaka zisanu popanda ukwati wa kutchalitchi. Anati ankamumenya. Tsiku lomaliza anamumenya mpaka khutu limodzi linagontha, ndiye anathawa apolisi asanabwere. Abusa anamumvetsera, anamudzudzula, anamuuza kuti alembe kalata yopepesa, kenako anapemphera naye.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Walapa. Zimene Mulungu wakhululuka munthu asazifukulenso."

Wamagetsi uja anasandukadi mkhristu wachitsanzo. Zokuzira mawu zikayamba kulira ngati mphaka, ndi iye. Babu likapsa m'tchalitchi, makwerero ali kale paphewa. Ndiye tsiku lina mayi busa anamuitana kuti adzaone soketi ya kukhitchini imene inkathetheka moto. Kukhitchiniko anapezako mwana wamkazi wa abusa, chitsiriza, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo, atangoweruka kuntchito. Soketi ya mphindi khumi inakonzedwa masiku atatu.

Abusa anaona zonse, ndipo anachita zimene ankazidziwa bwino: anakhala chete n'kumapemphera kuti zithe zokha. Sizinathe. Patatha chaka, awiriwo anabwera kudzalembetsa ukwati.

Tsono mpingowu uli ndi lamulo lake. Ukwati umalengezedwa Malamulungu atatu otsatizana, ndipo wolengeza ndi mbusa. Amawerenga mayina, n'kufunsa kuti ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana, abwere adzanene. Zaka zonsezi a Loko ankawerenga mawu amenewa mothamanga, ngati chilengezo cha tsiku losesa. Lamulungu loyamba la mwana wawo anawawerenga pang'onopang'ono. Anayang'ana mabenchi onse, kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo. M'tchalitchi monsemo wodziwa chifukwa anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene ankafunsayo.

Lolemba anamuitanitsa wamagetsi.

"Wamuuza?"

"Chani abusa?"

"Usandipusitse. Za mayi uja unamugonthetsa khutu."

Mwamunayo anamwetulira mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Abusa, si inu nomwe munati munthu asazifukulenso? Ine ndinakhulupirira mawu anu. Kapena chikhululukiro chija chinali cha anthu okwatira ana a eni okha?"

Mawuwo anawalasa, chifukwa anali oona. Akanakhala mwana wa wina, akanadalitsa ukwatiwo ndi mtima woyera, n'kukadya keke. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawakwiyitsa.

"Umuuze wekha sabata ino," anatero.

"Ndipemphererapo, abusa."

Lamulungu lachiwiri linadutsa, wamagetsi akupemphererapobe. Kunyumba kunali chipwirikiti cha nsalu. Makina osokera ali pabalaza, azakhali a mwana ali pa foni kukangana za mtundu wa madiresi a operekeza. Abusa anayesa kulowera chammbali.

"Amayi, kodi ana awa sakuthamanga? Bwanji adikireko chaka?"

Mayi busa anachotsa mapini kukamwa. "Adikire chani? Mwamuna samwa, sasuta, ntchito ili m'manja. Ngati mukudziwapo kanthu, abambo, nenani."

"Ayi, ndimangoti..."

"Mumangoti! Nsanje ya abambo basi. Imikani manja ndikuyezeni jekete."

Anaimika manja, n'kuyezedwa.

Lachinayi anakwera basi kupita kwa mbusa wina wopuma, amene anawaphunzitsa ubusa. Anafotokoza osatchula dzina, ngati nkhani ya mpingo wina wakutali. Mkuluyo anamvetsera maso ali chitsinzinire.

"Mbusa ameneyo akaulula imodzi, waulula zonse," anatero. "Lachitatu lotsatira pabenchi padzakhala mphepo yokha. Ndipo amene akanabwera kudzalapa asanaphe munthu, sadzabweranso. Komanso mwina mnyamatayo anasinthadi. Si zimene timalalikira?"

"Nanga akakhala kuti sanasinthe?"

Mkuluyo anatsegula maso n'kuwayang'ana nthawi yaitali. "Ndi mwana wako eti?"

Lamulungu lachitatu kunali kotentha, tchalitchi chodzaza mpaka ena kuima kukhomo. Abusa anawerenga mayina. Anafunsa funso lija, kenako anadikira. Anadikira mpaka kamwana kena kanayamba kulira, mpaka woimba limba anatsokomola. Mtima unkawauza kuti nena, munthu iwe, ndi mwana wako. Pakamwa panakana. Amayi ena kumbuyo anati, "Aa, abusa akulira mwana wawo," ndipo tchalitchi chonse chinaseka mwachikondi. Iwo anapinda pepala lija n'kulengeza nyimbo.

Anthu atabalalika, analowa m'kachipinda kuti avule mkanjo. Chitseko chinagogodwa. Anali mwana wawo. Analowa, anatseka yekha, n'kukhala pampando wa olapa, chikwama chili pamaondo.

"Kunyumba tikakamba, mama," anatero abusa. "Amayi ako akudikira."

"Ayi, ababa. Ndabwera muno dala. Zonenedwa muno sizituluka, eti? Ngakhale kwa amayi?"

Abusa anakhala pampando wawo. "Sizituluka."

Mwanayo anayamba kusewera ndi zipi ya chikwama. "Lachisanu tinakangana. Ndinachedwa kuweruka, kunabwera wodwala mwadzidzidzi, ndiye foni yake sindinayankhe. Atabwera kudzanditenga, anandimenya mbama. Kamodzi kokha. Kenako analira, ababa, anagwada pamsewu pomwepo anthu akuona. Akuti sanachitepo zoterezi chibadwire, akuti ndi kutopa ndi zokonzekerazi."

Abusa anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anamva ukali umene sanaumvepo pa moyo wawo wonse, wofuna kunyamula mpando n'kukaswa mutu wa munthu. Pansi pa ukaliwo panali mantha.

"Uimitse ukwati," anatero. "Mwamuna womenya asanakwatire..."

"Kamodzi, ababa. Ine kuchipatala ndimawaona azimayi omenyedwa, ndimawadziwa amuna otero. Amakhala ndi mbiri. Uyu alibe. Anthu aitanidwa kale, amayi asoka kale. Sindingagwetse zonsezi chifukwa cha tsiku limodzi loipa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chimene ndabwerera ndi ichi. Inu mwamudziwa zaka zinayi, ine chaka chimodzi chokha. Mukanadziwa choipa chilichonse cha iyeyu, mukanandiuza, eti? Mukangoti palibe, ine mtima ukhala pansi."

M'kachipindamo munali motentha kwambiri. Kuti anene kuti palibe, ndiye bodza, ndipo mwana apita kukagonthetsedwa khutu ndi mdalitso wa bambo ake. Kuti anene kuti chilipo, ndiye kuti zaka zonse zija, anthu onse aja analira pampando umenewu anawanamiza. Anatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mawu amene ankatuluka nthawi zonse zinthu zikawakulira.

"Tiye tipemphere."

Anatsinzina n'kupemphera. Anapempha nzeru, anapempha chitetezo, anapempha kuti zobisika ziululike pa nthawi yake. Linali pemphero lalitali losokonekera, lobwerezabwereza. Atati ameni n'kutsegula maso, anapeza mwana akuwayang'ana, ndipo anadziwa kuti mwanayo sanatsinzine n'komwe. Misozi inali itauma. Nkhope yake inali ya namwino amene wamva dokotala akuzemba funso la wodwala.

"Chiyambire liti mukudziwa?" anafunsa motsitsa mawu.



"Malamulungu atatu mwaima paja kufunsa anthu," anatero mwanayo. Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa, n'kugwira chitseko. "Zikomo, abusa."