Matope pa denga la chipatala

Bambo anga ankadana ndi chilichonse chonyezimira. Nditayamba uphunzitsi ndinawafolerera nyumba ndi malata kwathu ku Nsaru, ine ndikuti ndawapatsa ulemu. M'mawa mwake anakwera pamwamba ndi ndowa ya matope n'kumata denga lonse. Ndinapsa mtima mpaka kulira.

Anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, pomwe ankamenyana ndi Mataliyana. Ankasimba za ndege zoponya mabomba, zikuluzikulu, za injini zitatu, zouluka mwaulesi ngati ngolo yodzaza chimanga. Mnzawo wina anasiya mbale yachitsulo padzuwa, madzulo ake anakamutolera m'bulangete. Chiyambire tsikulo palibe akanawauza zina: chowala chimaitana bomba.

Chibayo chinawagwira atakalamba kale. Uthenga unandipeza ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndipo ndinathamangira nawo ku Namitete ndili m'bulauzi yoyera yomweyo. Titalowa pachipata anaona denga la chipatala likuthwanima. Anakhala pansi, patsinde pa mtengo wa mango.

"Mmenemo sindilowamo."

"Bambo, nkhondo inatha kalekale. Chonde!"

"Iwe unaliko?"

Namwino anawanyengerera, analephera. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti makina othandiza kupuma ali mkati, ndipo nthawi ikutha. Ndinagwada, ndinakalipa, ndinanama kuti ndege zonse zija anaziwotcha. Nkhalamba osasuntha. Ndinachita mantha kuti andifera pakhomo pa chipatala ine ndikuona.

Basi ndinapita pampopi, pomwe panali chithaphwi, n'kuyamba kutapa matope ndi manja kuponya padenga. Mayi mphunzitsi wathunthu! Odikirira odwala anasiya mapoto awo n'kumandiyang'ana. Matope ambiri ankandibwerera kumaso, denga likuwalabe.

Kenaka kumwamba kunamveka ndege, ya apaulendo chabe. Ndinangomva dzanja landigwira pamkono. Bambo anali atayenda okha kuchoka pamtengo paja, akupumira m'mwamba.

"Mwana wopusa iwe, chovala choyera pamtetete? Akuona! Lowa msanga!"

Anandifunditsa jekete lawo n'kundikankhira m'khonde, mpaka mu wodi. Anamwino anawalandirira pomwepo.

Anakhalamo masiku anayi. Akatsegula maso, choyamba ankayang'ana ngati jekete lija ndidakalifunda. Kunkatentha koopsa, koma sindinalivule mpaka tsiku limene tinabwerera nawo ku Nsaru ali m'bokosi.