Ndalama za a Nabanda zopita ku Joni

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga a ku Madisi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinangokhala kwathu ku Chezi, kupalira soya n'kumadikira zotsatira. Azakhaliwo atamva kuti a Chirwa, eni kontena yotumizira ndalama pafupi ndi msika, akufuna mtsikana wa manja aafupi, wosaba, anandiimbira kuti ndikwere minibasi m'mawa mwake. A Chirwa anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndibwere Lolemba ndi bolopeni yanga.

Zida zake zinali zochepa: mafoni awiri a mabatani, foni yaikulu yojambula, sola ya padenga, kabokosi kachitsulo ka ndalama, ndi buku losainitsa makasitomala. Ndalama za m'foni zogwirira ntchito timazitcha fuloti, ndipo ikatha basi ntchito yaima. Lamulo la a Chirwa linali limodzi. "Nambala uzimuwerengera mwini wake mokweza. Usadine asananene kuti eya."

Kwathu kuno ndalama zimachokera ku Joni, sizipita ku Joni. Kumapeto kwa mwezi pakontena pankadzaza amayi odzalandira za amuna awo ndi za ana awo. Koma mwa apo ndi apo pankabwera wina wofuna kutumiza kunjako, ndipo apa m'pamene mutu unkazungulira. Kubanki amafuna mapepala, ulendo wa ku Lilongwe, komanso ukhoza kubwerako atakuuza kuti ndalama zakunja kulibe. Makondakitala a mabasi a ku Joni amanyamula, koma amadula gawo lalikulu ndithu. Njira yotchipa kuposa zonse inali yosinthana. Ku Joni kuli munthu wofuna kutumiza kumudzi, kuno kuli wofuna kutumiza ku Joni. Wa kumeneko amapereka marandi kwa m'bale wa uyu, wa kuno n'kupereka makwacha ku banja la uja. Ndalama siwoloka malire, ife tinkangotengapo ya sopo. Popeza lisiti palibe, umboni unali chithunzi: wolandirayo ajambulidwe atagwira marandiwo, chithunzi chifike kuno, ndiye titulutse makwacha.

Njira imeneyi ndinaikonda, inu! Ndinkadzimva ngati mwini banki.

A Nabanda anabwera tsiku lina a Chirwa atapita ku Mponela kukagula fuloti. Anali mayi wamasiye wochokera kumapiri a ku Ntchisi, ndipo makontena onse a kufupi ndi kwawo anawadumpha dala. Anakhala pabenchi kudikira mpaka anthu onse atachoka, kenako anayandikira pawindo n'kumasula mfundo ya chitenje.

"Mwanawe, ndikufuna izi zikafike kwa mwana wanga Yohane ku Joni. Koma zithere pompano."

Nkhani yake anandifotokozera motsitsa mawu. Kumudzi aliyense ankadziwa kuti Yohane ali pantchito yabwino m'sitolo. Ngakhale malata a nyumba yawo ankauza anthu kuti wagula ndi Yohane, chonsecho inali mtedza wawo womwe. Zoona zake, ntchito inatha kalekale, mwanayo anadwala, ndipo ankagona kuseri kwa galaja ya munthu. Mayiwo anagulitsa mbuzi kuti amupezere ya basi yobwerera kumudzi. Yohane anavomera kubwera, koma anawalumbiritsa amayi akewo kuti akangomva kuti kumudzi zadziwika, sadzapondako.

"Ndamva kuti pali makondakitala onyamula," anatero. "Adule zomwe adule, bola munthu wosatidziwa."

Ine ndinawerengera zomwe kondakitala akanadula, mtima unandiwawa. Ndinawauza kuti imeneyo ndi ndalama yoti Yohane adyere njira yonse n'kutsalako ya nsapato, ndipo ine ndili ndi njira yosadula kanthu. Anafunsa ngati munthu wa njirayo ndi wachilendo. Ndinangoti, "Musadandaule amayi, zisiyeni m'manja mwanga." Funso lawo sindinaliyankhe, ndipo iwo anandikhulupirira.

Madzulo ake ndinaimbira a Levisoni, bambo wina wa ku Joni amene ankatumiza ndalama kwa akazi awo, mayi a Tadala, ogulitsa kaunjika pamsika wa Madisi. Nditatchula dzina, anakuwa m'foni kuti, "Yohane wa a Nabanda? Ameneyo ndi wa kwathu, tinkaimba limodzi kwaya!" Mukudziwa zomwe ndinachita? Ndinasangalala. Ndinati ndiye bwino, sipakhala kuberana. Mawu a mayi aja oti bola munthu wosatidziwa anali akadali m'makutu mwanga, koma ine maso anali pa kutchipa.

Tsiku losinthana linagwera pa tsiku la msika. A Nabanda anafika m'mawa atavala chitenje chatsopano, n'kukhala pabenchi paja. Mayi a Tadala anabwera cha kumasana ndi anzawo awiri a kumpingo, foni ili m'manja. A Levisoni anali atatumiza chithunzicho kwa iwo, osati kwa ine.

"Esinati, umboni uwu, tulutsa ndalama zanga," anandiuza. Kenako anakulitsa chithunzicho ndi zala. "Koma abale inu, uyu si Yohane? Mayo ine! Waonda chonchi? Taonani malaya akewo!"

Anzawo aja anaunjikana pafoni. Ena a pamzere anasuzumira nawo. Pachithunzipo panali mnyamata wotuwa, mafupa a m'khosi ali poyera, atagwira marandi kutsogolo kwa mulu wa matayala, maso akuyang'ana kumbali. Mayi a Tadala potembenuka m'pamene anaona amene ali pabenchi.

"Aaa, a Nabanda, muli pano? Ndiye ndalamazi ndi zanu? Inu ndi amene mukutumizira Yohane?"

Sanalankhule mwachipongwe ayi, anali odabwa chabe. Koma pamsika mawu sabwerera. A Nabanda anaimirira, napempha foniyo ndi manja awiri. Anali asanaone nkhope ya mwana wawo kwa zaka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chikusisita pagalasi, kenako anabweza foni n'kuthokoza. Ine ndinawerenga makwacha a mayi a Tadala, ndinalakwitsa n'kuyambiranso. Ndinkalakalaka pansi pa kontenayo patang'ambika.

A Chirwa atamva nkhaniyi sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangofunsa kuti, "Mayiwo anati akufuna zotchipa?" Ndinati ayi. "Nanga iwe unawagulitsa chiyani?"

Pofika Lamulungu chithunzi chija chinali chitazungulira m'mafoni a amayi a kumpingo, mpaka kumudzi kwa a Nabanda. Ena anayamba kusonkha ndalama zoti athandize Yohane, ndi mtima wabwino ndithu, ndipo mnzake wina anamuimbira Yohane kumupepesa. Basi imene amayenera kukwera inafika ku Lilongwe iye mulibe. Nambala yake inasiya kulowa. A Levisoni anapitako kugalaja kuja, anakawauza kuti anasamuka, sananene kopita.

Patapita milungu ingapo a Nabanda anatulukiranso pawindo langa. Ndinaimirira, ndikudikira mawu amene ndimayenera kuuzidwa. Iwo anatsitsa kathumba ka mtedza wosenda n'kukankhira kwa ine.

"Iwe unafuna kundithandiza, mwanawe. Landira. Akadzaimba kuno, umuuze kuti ya basi ndipezanso."

Ndinalira pamaso pa makasitomala. Mtedzawo ndinapita nawo kwa azakhali, ndipo sindinadyeko ngakhale umodzi.

Lero ndili ndi kontena yangayanga, ndipo kusinthana ndimachitabe, chifukwa njirayo payokha ilibe vuto. Koma munthu akabwera kudzatumiza kunja, ndisanatchule mtengo ndimayamba ndamufunsa kuti ndani sayenera kudziwa. Dzina la wosinthana naye ndimamuuza, mudzi wake womwe, ndipo chithunzi chimabwera pafoni yanga yokha. Akasankha kondakitala wodula, ndimatseka pakamwa n'kumupatsa nambala.

A Nabanda amabwerabe ku Madisi akakolola mtedza, ndipo amadutsa pakontena panga. Safunsa chilichonse. Amangoyang'ana foni yanga ili patebulo, ine n'kupukusa mutu kuti Yohane sanaimbe, iwo n'kuti, "Chabwino mwanawe," n'kumapita kukakwera galimoto.