Nkhata zinayi pa ukwati wa Esinati

Ndikukumbukira m'mawa wa ukwati wa achemwali anga Esinati, kwathu kufupi ndi Tsangano. Ndinali ndi zaka khumi. Mvula inagwa sabata yonse, ndiye galimoto yobweretsa maluwa kuchokera ku Blantyre inatitimira m'matope kutali. Mkwati, alamu anga a Jailosi, anali wa m'tauni, ndipo amafuna kuti iwo ndi anyamata atatu owaperekeza avale maluwa. Amayi, manja ali mbuu ndi ufa, anangondiuza kuti ndithamange ndikathyole maluwa alionse, ndikonze zoti amuna anayiwo avale.

Ndinaima kaye kuseri kwa khitchini. Mwamuna kuvala maluwa? Avale pati? Ine maluwa ndinkawadziwa pa maliro pokha. Chaka chathacho tinali titaika mlongo wanga wamng'ono, ndipo ndinakhala pakati pa amayi a kutchalitchi ndikuwaona akupinda nthambi za mkungudza, akumanga ndi luzi, akusomeka maluwa mozungulira. Ndinaganiza kuti maluwa amakonzedwa choncho basi.

Ndinalowa m'munda wa kachewere wa abambo, umene unali utachita maluwa oyera ndi ofiirira. Mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno, zala zikununkha masamba. Ndinamanga nkhata zinayi zokongola ndithu, ya mkwati yokulirapo, n'kukazindandalika pakhonde la nyumba yomwe alendo anafikira.

Oyamba kutuluka anali azakhali awo a mkwati. Anaziyang'ana, n'kukhala pansi pomwepo atagwira kumutu. Anthu anasonkhana. Azakhaliwo anati kuchikazi akuwalaula, mwana wawo sakwatira pamudzi pomwe amuyalira nkhata ali moyo, ndipo anauza anyamata kuti alongedze zikwama. Ankhoswe anayamba kupepesa asanadziwe n'komwe wolakwa. Esinati analira m'chipinda, velo ili m'manja. Ine ndinkangodabwa kuti mwina ndamanga mokhota.

Amayi anandikokera pakati n'kundifunsa ngati ndinali ine. Ndinavomera, n'kuwonjeza kuti luzi likadalipo ngati akufuna yachisanu. Palibe anaseka.

Kenako a Jailosi anatuluka, tayi ili pakhosi yosamanga. Ananyonyomala patsogolo panga n'kundifunsa komwe ndinaphunzira. Ndinawauza za maliro a mlongo wanga.

“Azakhali, mwanayu watipatsa chimene amadziwa,” anatero. “Ine sindikupita kulikonse. Mlamu, bwera nalo luzi lija.”

Anamasula nkhata imodzi ndi manja awo. Anatenga maluwa atatu ndi kanthambi ka mkungudza, n'kumanga kakang'ono ngati chala, n'kukabaya ndi phini pachifuwa cha jekete. Ndinafunsa kuti n'zomwezi basi? Anati n'zomwezi. Munda wonse ndinathyola uja! Pofika kutchalitchi timaluwato tinali titaweramira pansi, chifukwa duwa la kachewere silichedwa kufota, koma malumbiro anachitika. Azakhali aja anakhala kumbuyo, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankandipatsa moni ndi nsonga za zala.

Masiku ano zinasintha. Mwana wanga akukwatira mwezi wamawa, ndipo mtsikana amene akhale mpongozi wangayo anandionetsa pafoni zoti anyamata avale: nthenga za nkhanga, kansalu ka chitenje kopinda ngati duwa, mabatani, ngakhale ngala za tirigu. Anati ndisankhe ndine, poti bambo ake a mnyamatayu anatisiya chaka chatha. Mpaka pano sindimvetsa chifukwa chomwe mwamuna wamkulu amavalira kanthu kameneka. Koma ndinaloza tirigu. M'nyumba mwatsala thumba limodzi la ngala zomwe malemu amuna angawo anamweta komaliza, ndipo sindinalole kuti munthu azipunthe.