Mbedza m'phazi la Asiyatu

Ndikukumbukira m'mawa wina ku Chiwanga, titangobwerako ku Malawi nkhondo itatha. Achemwali anga, a Rozina, anali atatalika kale, koma anawaika kalasi imodzi ndi ine chifukwa Chipwitikizi sankachidziwa. Ankakhala kumbuyo, ali duu. Koma kunyumba pakamwa sipankauma: "Ine ndidzakhala mzamba." Atate anali atanenetsa kuti akalephera mayeso a chaka chimenecho, basi, azikayanika usipa.

Tsikulo tinadzera kumchenga popita kusukulu, fungo la usipa wa pathandala lili ponseponse. Mnzathu Asiyatu anaponda mbedza yaikulu, n'kulowa pachidendene. Mayo ine, kukuwa kwake! Ine nditaona magazi ndinakabisala kuseri kwa bwato, n'kumalira kuposa mwini bala.

Achemwali anagwada, phazi lija n'kuliika pamiyendo pawo. Anzathu ankafuna kuizula mbedzayo, iwo anakana. "Ing'amba mnofu imeneyi, isiyeni. Asiyatu, yang'ana ine, usayang'ane phazi. Puma pang'onopang'ono." Wina anamutuma kukabwereka njinga, wina kukauza mayi a Asiyatu, ine anandiitana kuti ndigwire dzanja. Mawu awo anali ofatsa ngati akuyeza ufa. Asiyatu anatonthola, ndipo anamukwezetsa njinga mpaka kuchipatala ku Metangula.

Aphunzitsi atamva anawayamikira achemwali pamaso pa tonse. Koma mayeso atafika, anali a Chipwitikizi ndi masamu basi. Ine wamantha uja ndinakhoza. Achemwali analephera, ndipo Atate sanabweze mawu. Yunifolomu yawo anandichepetsera ine.

Lero ndimaphunzitsa azamba ku Lichinga. Masiku ano sitiyesa za m'buku zokha. Timaima pambali n'kumaona ngati wophunzira akumvetsera mayi woyembekezera, ngati akutha kumukhazika mtima pansi, ngati akudziwa kugawira anzake ntchito zinthu zikavuta. Timaphunzitsa zimenezi miyezi ndi miyezi, ena osazigwira. Ndikamaonerera choncho, mtima umandiwawa, chifukwa ndinaziona zonse pamchenga paja, mwa mtsikana wopanda nsapato.

Chaka chatha ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kukawaona achemwali ku Chiwanga. Ndinawapeza pathandala, imvi zitayamba, akutembenuza usipa. Ndinawafotokozera mmene timayesera ophunzira tsopano.

Anaima, n'kupukuta manja pachitenje. "Ukutanthauza kuti kutonthoza munthu amakhoza nako mayeso?"

"Eya, achemwali."

Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Ndiye ine ndinabadwa msanga," anatero, n'kuweramiranso usipa wawo.

Ndinangovula nsapato, n'kuyamba kuwathandiza kutembenuza.