Mphukira za M'khwapa

Inu amene mumati mukamapemphera mawu amangothera kudenga la nyumba, khalani pansi mumve za mayi wina.

Tsiku limene anafika pansi penipeni linali Loweruka, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi komwe amayi amasungirako matsache ndi nsalu za patebulo. Amayiwo ankakonza maluwa. Mmodzi anafunsa kamtsikana ka mayiyu ka zaka zinayi kuti, "Nanga iwe, agogo ako umapita kukawaona?"

Kamwanako kanayankha mokweza, mopanda n'kuphethira komwe: "Ayi. Amayi amati agogo ndi amene anapha achimwene anga."

Mayiyo anaima ndi maluwa m'manja. Sanakumbukire kuti anauzapo mwanayo mawu amenewo. Koma mwana satola mawu kuthengo.

Zaka zisanu m'mbuyomo, mwana wake woyamba, wamwamuna, anamwalira ali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Tsikulo mayiyo anapita kuntchito n'kumusiya ndi apongozi ake. Thupi litatentha, apongoziwo anaganiza kuti ndi mano akumera, anadikira mpaka madzulo. Pofika kuchipatala nthawi inali itatha. Kuchokera pamenepo mayiyo sanapondenso pakhomo pa apongoziwo, ngakhale kuti ankakhala misewu itatu yokha kuchokera kwake.

Atabadwa wamkaziyu, anasanduka maso okhaokha. Mwana akatsokomola kamodzi, iye ali kale ndi chikwama cha kuchipatala. Mwamuna wake anam'patsa dzina loti Alonda. "Alonda athu, khalani pansi mudye. Mwanayu sabedwa, akungosewera pakhondepo." Iye ankaseka ndi milomo yokha, maso ali pawindo.

Kutchalitchi ndiye anali ponseponse. Kwaya, kusesa, maluwa, gulu la mapemphero a Lachitatu, ngakhale kutsuka makapu. Anthu ankati, "Mayi ameneyu ndi wodzipereka." Koma akagwada yekha, mumtima munali mouma ngati thabwa. Kukalipa msanga, kukayikira aliyense, tulo tosagwira. Chimwemwe ankangochiimba m'nyimbo.

Ankagwira ntchito panazale ya mbande, ndipo mwanayo ankapita naye komweko. Kumeneko aliyense ankapatsidwa mizere yake ya matimati yoti aziisamalira, ndipo yake inali yobiriwira kuposa ya anzake onse, masamba ali thithithi, yofika m'chifuwa. Lolemba lotsatira Loweruka lija, mkulu wa panazalepo, amene ankatchedwa a Sizasi chifukwa sizasi siinkachoka m'thumba mwawo, anaima pamzere wake n'kugwira m'chiuno.

"Mayi, kodi mukulima matimati kapena mukulima mthunzi?"

Anzake anaseka. Iye anangoweramitsa mutu.

A Sizasi anagwada, n'kupatula masamba. "Taonani. Pakati pa thunthu ndi nthambi, m'khwapamu, mumamera timphukira. Timaoneka tokongola, koma timamwa chakudya chonse cha zipatso. Ndinakuuzani kalekale kuti muzitithothola. Chikukuvutani n'chiyani?"

"Ndimaopa, bambo. Ndimaona ngati ndipha mbewuyo."

"Ndiye mwaisiya ndi moyo, koma yosabala. Tiuze makasitomala kuti agule masamba?" Anathothola kamphukira kamodzi ndi chikhadabo, n'kumuikira m'manja. "Siifa. Imamva kuwawa tsiku limodzi basi."

Mayiyo anayang'ana kamphukirako nthawi yaitali. Anaganiza za maudindo ake asanu a kutchalitchi, ndi mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mwana wake. Tsiku limenelo anathothola mzere wonse akulira, anzake n'kumaganiza kuti a Sizasi amukalipira kwambiri.

Sikuti anasintha tsiku limodzi, ayi. Anayamba ndi kukauza abusa kuti akusiya magulu atatu. Mayi wina wa kwaya anamunong'oneza kuti, "Mwayamba kubwerera m'mbuyo, achemwali?" Zinamupweteka. Nthawi imene inapezekayo anayamba kugwada m'mawa uliwonse n'kupempherera apongozi ake. Sabata yoyamba mawu ankatuluka mano atalumana. "Ambuye, adalitseni." Basi, n'kudzuka. Sabata yachitatu anafunsa mwamuna wake ngati mawondo a amayi ake akadali kuwawa. Bamboyo anasiya kutafuna, n'kumuyang'ana ngati waona mlendo.

Kawiri konse anafika pageti la apongoziwo n'kubwerera. Ulendo wachiwiri anachita kugwira loko, atamva kutsokomola m'nyumba anathawa ngati mbala.

Chimene chinkamubweza sichinali mkwiyo ayi. Panali kamphukira kena kobisika kwambiri, kamene sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake. M'mawa wa tsiku lija, pomupereka mwana kwa apongozi, iye mwini anamva kuti thupi latentha. Koma anali atachedwa kuntchito, ndipo anapita. Zaka zisanu ankaloza chala apongozi kuti chalacho chisatembenukire kwa iye.

Ulendo wachitatu anagogoda.

Anawapeza atakhala pampando wansungwi, akusoka batani pamalaya. Anali ataonda, tsitsi lonse litayera. Patebulo panali chithunzi cha mwana uja, chopukutidwa bwino. Mayiyo anagwada pansi, osadikira n'komwe moni.

"Amayi, ndakulakwirani. Tsiku lija ndinadziwa kuti mwana watentha thupi. Ndinadziwa, koma ndinapitabe kuntchito."

Apongoziwo anabaya singano pamalaya, n'kuika pambali. "Ndikudziwa, mwana wanga. Munandiuza muli pakhomopo, mukumanga nsapato. Munati, 'Watentha pang'ono, mwina ndi mano.'"

Zoti analankhula mawu amenewo, mayiyo anali ataiwaliratu.

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi? Anthu akukunenani, ine ndikukunenani!"

"Ndinaona kuti simungathe kusenza zonse ziwiri, maliro ndi mlandu. Ndinati ndikusenzereniko umodzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Komanso nane ndinadikira mpaka madzulo. Tonse awiri tinkamukonda, tonse awiri sitinadziwe. Dzukani, pansipo mpozizira."

Analira onse awiri mpaka tiyi amene apongoziwo anapanga anazizira m'makapu.

Loweruka lotsatira anabwera ndi kamtsikana kaja. Ali pageti anagwada n'kukauza kuti, "Zija ndinanena za agogo zinali zabodza. Amayi ako analakwa." Kenako anachita chimene sanachitepo chibadwire mwanayo: anamusiya m'manja mwa munthu wina, nati abwera pakatha ola limodzi. Anabwera patatha theka la ola, thukuta lili kamukamu. Anawapeza awiriwo akusankha mabatani m'chitini, akuseka.

"Alonda afika," anatero apongozi. "Tawerengani zala za mwanayu, zonse zilipo khumi."

Nthawi imeneyi anaseka kuchokera pansi pamtima.

Mantha sanatheretu, ndisakunamizeni. Mpaka lero mwana akatsokomola mtima wake umadumpha. Koma tsopano amayamba wagwada, kenako n'kuchita zoyenera, popanda kufunafuna womuimba mlandu. Pamapeto pake kutchalitchi anatsala ndi ntchito imodzi yokha. Mayi wina akataya mwana, iye amapita, n'kukhala naye pamphasa, osalalikira, kungomugwira dzanja. Amadziwa funso limene mayiyo akuopa kudzifunsa. Chaka chimenecho mizere yake ya matimati inabereka mpaka anachita kuichirikiza ndi mitengo, a Sizasi n'kumadandaula kuti mthunzi wopumirapo watha.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso ndinu obiriwira kunja, anthu akukuyamikirani, koma mukudziwa nokha kuti chipatso palibe. Patulani masamba, muyang'ane m'khwapamo. Chimene mupezemo, kaya ndi chidani, kaya mantha, kaya mlandu umene munakwirira, chiperekeni kwa Mwini munda. Kudzawawa, inde, koma simudzafa. Ndipo ngati mwabwerera pageti kawiri, mtima wanu usagwe. Pitaninso kachitatu, mukagogode.