Ziro Amene Ndinawonjezera pa Fomu

Khonsolo itandikaniza chilolezo chomanga kasaluni kutsogolo kwa nyumba yathu ku Mtendere, kalatayo sindinaiwerenge mpaka kumapeto. Ndinangoona kuti akana, basi mutu unatentha. Tsiku lomwelo ndinauza amuna anga, azimayi a kutchalitchi, ngakhale wogulitsa makala, kuti mayi amene analandira fomu yanga ku ofesi ya khonsolo amafuna chiphuphu. Iwo sananenepo zotero. Ndinangopeka ndekha, chifukwa kukanidwa kunandichititsa manyazi.

Alamu anga, Ba Mulenga, ndiwo anandikakamiza kukachita apilo, n'kundiperekeza ku ofesiko. Tsikulo ndinavala chitenje chatsopano, nditakonzekera mkangano. Ndinapeza mayi omwe aja.

Anatsegula fayilo yanga n'kuloza pa fomu. "Ba Tembo, saluni yanu ni mamita sate? Mufuna kutseka msewu wonse?"

Ndinayang'anitsitsa. M'malo molemba 3, ndinali nditalemba 30, ndi dzanja langa lomwe. Ba Mulenga anayamba kutsokomola dala kuti asaseke.

"Vimachitika, osadandaula," anatero mayiwo, n'kundibwereka cholembera chawo kuti ndikonze. Patapita milungu itatu kunabwera anthu odzayeza malo, ndipo chilolezo chinatuluka. Palibe anandipempha ngakhale botolo la madzi.

Kutchalitchi ndinangonena kuti Mulungu wayankha. Za ziro sindinatchule, moti ena mpaka lero amati ndinalimbana ndi akatangale n'kuwagonjetsa.

Mayi aja tsopano amabwera kudzalukitsa tsitsi kwa ine. Ndimawaluka mosamala kuposa wina aliyense, koma akamandithokoza ndimalephera kuwayang'ana pagalasi.