Tsiku Limene a Kasoma Analeka Kutukwana

Aliyense wodutsa mumsewu waukulu wa ku Kalingalinga, mu Lusaka, m'zaka zimenezo ankawaona a Whyson Mtambalika asanawadziwe dzina: bambo wamfupi, wamapewa otakata, atawerama pa chitsulo, mbaliwali za moto zikuthetheka mozungulira mapazi awo. Ankawotcherera mafelemu a zitseko ndi zitsulo za m'mawindo zotchinga akuba, ndipo katundu wawo ankamutsamiritsa pa mtengo wa m'mbali mwa msewu kuti eni magalimoto amuone.

Anabadwira m'komboni momwemo, nyumba zonse zikadali zadothi. Bambo awo anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, nadzagwira ntchito yaukhukhi kwa mzungu wina, ndipo kwawo sanabwererenso. A Whyson anakula akudziwa Ntcheu ngati dzina chabe. Luso lawo analiphunzira m'galaja ya kampani ina yaboma, kumene ankakonza matupi a mabasi. Makampani aboma atayamba kugulitsidwa, yawo inatsekedwa, ndipo ndi ndalama zimene anawapatsa potsanzikana anagula makina owotcherera ndi wailesi yakanema. Akazi awo, a Felistus, a ku Katete, anavomereza makinawo, koma za wailesiyo anadandaula kufikira mvula itagwa ndi kutha.

Ntchito inayenda bwino, ndipo chimene chinaiyendetsa n'chimene chinkawasowetsa mtendere a Whyson. Anthu ambiri atachotsedwa ntchito, umbava unakula, ndipo aliyense amene anaberedwa ankabwera kwa iwo m'mawa mwake, maso ali psuu. Ankati amadya chifukwa cha misozi ya anzawo. Mwina n'chifukwa chake anakonda kwambiri sewero la pakanema lotchedwa Diso la Kapambwe, la wapolisi wofufuza milandu wandevu zaimvi, wosalandira chiphuphu, amene ankagwira mbala pongoyang'ana mmene yamangira nsapato.

Lamlungu lililonse dzuwa likapendeka, chipinda chawo chochezera chinkadzaza. Amayi ankayala zitenje pansi, ana kutsogolo, ndipo mpando wansungwi wa pafupi ndi khomo unali wa a Kasoma, Mbemba wa ku Mporokoso, amene kale anali kalaliki pa kampani yomweyo. A Kasoma sankalowa ndi odi.

"Imwe ba Whyson," ankatero akadali pakhomo, "mbeba za lelo mwadya na ubweya olo mwasenda?"

"Nkhalani pansi, ba mudala," ankayankha a Whyson. "Muchila wa kolwe ukali kuonekela pakamwa."

Ichi ndi chimbuya, chipongwe chovomerezeka pakati pa Abemba, onenedwa kuti amadya kolwe kapena kuti nyani, ndi anthu akum'mawa, onenedwa kuti amadya mbewa, ndipo amene sachidziwa angaganize kuti kubuka ndewu. Kwa awiriwa kunali kupatsana moni. Bambo wawo wa a Whyson atamwalira, a Kasoma ndiwo anathira a Whyson ufa kumutu pamaso pa anthu onse, monga amachitira achimbuya pamaliro, nanena kuti mdalayo wafa ndi njala chifukwa mbewa zatha m'Lusaka. Anamfedwa anaseka misozi ili m'masaya. A Kasoma ankadziwa bwino kuti mtembo umene ananyamulawo unali wa munthu wa ku Ntcheu, osati ku Chipata, ndipo panthawiyo zimenezo sizinali kanthu.

Sewero lija linatha pamene Kapambwe anapuma pantchito, ndipo anthu anamusowa ngati mbale wawo. Koma chipinda chija chinali chitabala kale chipatso china. Sampa, mwana wa a Kasoma, woyendetsa minibasi ya ku Mtendere, anali atazolowera kukhala pafupi ndi Tiwo, mwana wamkazi yekhayo wa a Whyson, amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika. Tsiku lina kunabwera bashibukombe, mkhalapakati wa ukwati monga mwa mwambo wa Abemba, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa m'nsalu yoyera. A Felistus anaziika pamwamba pa kabati. Mbale zotere zikabwerera kwa eni ake zili ndi nkhuku yophika, ndiye kuti mbeta yaperekedwa. Zikabwerera zopanda kanthu, nkhani yafa. Nkhuku yake inali itasankhidwa kale, ikungodikira kuti amalume a Tiwo afike kuchokera ku Katete.

Ndi pamene analengeza kuti Kapambwe akubweranso, m'sewero latsopano lotchedwa Kapambwe Asanavale Chipewa, lofotokoza za unyamata wake. Lamlungu loyamba ena anaonerera pawindo chifukwa m'nyumba munalibe poponda. Koma pagalasi panaoneka mnyamata wowonda, wopanda ndevu, wamaso amantha.

"Uyu ni ndani?" anafuula a Vera, mayi wogulitsa makala, amene sankaonerera kanthu ali chete. "Ba Kapambwe batu babaika kuti? Aka kamwana kangagwile na nkhuku yomanga kumendo?"

Tiwo anawafotokozera kuti nkhaniyo yabwerera m'mbuyo, kuti uyu ndi Kapambwe yemweyo asanakule. A Vera sanakhutire. Anati nkhani imapita kutsogolo ngati munthu. Yobwerera m'mbuyo ndi ya mfiti. Anthu anaseka, komabe mlungu wotsatira anabweranso onse.

Chimene chinawagwedeza chinadza pambuyo pake. Sewerolo linaonetsa kuti mnyamatayo dzina lake lenileni anali Dingani, mwana wa khukhi wochokera ku Nyasalande, ndipo dzina la Kapambwe linali la mnzake wa kusukulu amene anamira mumtsinje. Analitenga kuti alembedwe upolisi. M'chigawo chimenecho bambo ake anabwera kudzamuona akuguba ndi apolisi anzake, atanyamula kamtolo ka chinangwa, ndipo mnyamatayo anawadutsa ngati sakuwadziwa.

A Whyson anayang'anitsitsa, pakuti mdala wa pagalasiyo ankagwira chipewa ndi manja awiri ndendende ngati malemu bambo awo. Inali nyengo imene andale ankakumbana mizu, kufunsana kumene makolo a uje anabadwira, ndipo mawu a pamisonkhano anali atatsikira kale m'mabawa ndi m'mizere ya pampopi. A Kasoma, amene chitsekedwere kampani sanapezenso ntchito, ankakhala kwambiri pa misonkhano yoteroyo.

"Mwaona manje?" anatero a Kasoma, osayang'ana munthu. "Zaka zonse izi tenze kuombela manja muchona. Ndiye mwamene balili. Babwela na kathumba, batenga zina, batenga chitupa cha reji, batenga nchito, ise bene ba ziko tili pa njala."

A Whyson anadikira kuseka kumene kunkatsatira mawu a mnzawoyo nthawi zonse. Sikunabwere. Ndiye anaponya okha chingwe.

"Ba Kasoma, njala yanu ni ya kolwe chabe. Ku Lusaka kulibe mitengo."

A Kasoma anaimirira, nakonza jekete lawo. "Zikomo pa kutilandila, ba Mtambalika," anatero mofatsa. "Musale bwino."

Chiyambire kudziwana, anali asanawatchulepo ndi dzina la bambo awo.

Kuyambira tsikulo a Kasoma anayamba kuwapatsa ulemu. Akadutsa pamalo owotcherera ankavula chipewa, kufunsa za thanzi la amayi kunyumba, n'kupitirira. A Whyson akanakonda kumenyedwa mbama. Munthu amachita chimbuya ndi amene amamuyesa wake. Ulemu wotere ndi wa mlendo, ndipo mlendo, monga amanenera akuluakulu, ndi mame.

Komboni nayo inagawikana. M'minibasi anthu ankakangana mpaka kupitirira potsikira pawo. Ena ankati olemba sewerolo aipitsa dala munthu wabwino. Ena ankati Kapambwe ndi wakuba ngati amene ankawagwira, kungoti iye anaba dzina. A Vera, amene poyamba sankamufuna mnyamatayo, ndiwo anasanduka womuikira kumbuyo. "Zina ni chani?" ankatero akupima makala. "Zina inagwilapo kawalala wakuba? Nimwe bamene munalila pamene anachoka pa nchito!" Anthu ena amene kwa zaka zambiri ankati kwawo ndi ku Chadiza, mbali ya Zambia ya malire, anayamba kunena zimenezo mokweza kuposa kale.

Kenaka bashibukombe anabweranso, nakhala m'mphepete mwa mpando, akuzunguza chipewa pa bondo. Anati a Kasoma sakubweza mawu, ayi. Akungopempha kuti amalume a ku Katete asavutike kaye ndi ulendo, mpaka sewerolo lithe, anthu aone mathero a munthu wotere.

"Sewero?" anafunsa a Felistus. "Ukwati wa mwana wanga udikire sewero? Nanga Tiwoyu si wa kwathu ku Katete? Mwana ndi wa kwa amake!"

Mkhalapakatiyo anati iye ndi mthenga chabe.

Mawu a Felistus, ngakhale ankateteza mwana, anawalasa a Whyson penapake: kuti Tiwo ayere, anafunika kuchotsedwa kwa iwo. Komabe anavomera kudikira, chifukwa ankaona mmene mwana wawo ankayang'anira mbale zija akamapukuta kabati. Ndipo anadzipeza akuchita chinthu chimene sakanachiulula kutchalitchi: ankamupempherera Dingani wa m'sewero. Ankafuna kuti mnyamatayo abwerere kwa bambo ake, agwade, akhululukidwe, mwinanso apulumutse mudzi wonse, kuti a Kasoma, amene tsopano ankaonerera ku bawa, apeze poyambira kutukwananso.

Mathero amenewo sanafike. Madandaulo atachuluka, kampani yasopo imene inkalipirira sewerolo inachotsa dzanja lake, pakuti m'nyengo yatsopanoyo chilichonse cha pakanema chinkayenda ndi otsatsa malonda. Lamlungu linalo anthu atasonkhana, pagalasi panaoneka mlaliki wakunja akutuluka thukuta. Panalibe ngakhale mawu opepesa. Dingani anatsala pamene anamusiya, ataima pa mlatho, chipewa chatsopano chili m'manja.

Milungu inadutsa. Nkhuku ija inaikira mazira n'kuswa. Tiwo anakumana ndi Sampa pa siteshoni, ndipo atabwerako anakhala kukhitchini nthawi yaitali osayatsa mbaula. Amake atamufunsa, anati Sampa wanena kuti adikire pang'ono mtima wa bambo ake utsike. Tiwo atamufunsa kuti iye mwini akuganiza zotani, Sampa anayang'ana kumbali n'kuitana okwera.

Loweruka lina m'mawa a Whyson atakweza chotchinga kumaso kuti aone msoko wa chitsulo, anaona Tiwo akubwera mumsewu, nsalu yoyera ili m'manja. Anazimitsa makina.

"Uyenda kuti na mbale izo?"

"Kwa bene bake, ba tate."

"Muli chani mukati?"

"Mulibe."

Anamuyang'ana mwana wawo. Maso ake anali otupa. Akanatha kumubweza, mawu amodzi akanakwanira, ndipo mbalezo zikanakhalanso pa kabati mpaka fumbi litazikwirira.

"Umufuna Sampa?" anafunsa.

"Nimufuna. Koma sinizankhala mu nyumba mwamene bazayamba kufunsa bana banga kuti ambuye banu banachokela kuti."

A Whyson anapukuta manja pa ovolosi. "Mwana mukazi sanyamula mbale zake eka," anatero. "Leta kuno."

Anayenda okha kudutsa pampopi, amayi otunga madzi n'kusiya nkhani zawo. M'njiramo anaganiza kuti pakadali mpata umodzi. Ngati a Kasoma angayankhe monga kale, mbalezo azibweza kunyumba, nkhuku ina iphedwe madzulo omwewo, ndipo Tiwo adzamupepesa iwo eni. Atafika anaima pabwalo, nakweza mawu kuti ndi oyandikana omwe amve.

"Odi kuno kwa bakudya kolwe! Mwasiyako mutu olo mwasiliza vonse?"

A Kasoma anatuluka atavala vesiti, nyuzipepala yakale ili m'manja. Anaona nsalu yoyerayo, ndipo milomo yawo inagwedezeka ngati ya munthu amene yankho lamufika kale pa lilime. A Whyson anadikira. Mkati mwa nyumba wina anachepetsa wailesi.

"Mwalandilidwa, ba Mtambalika," anatero a Kasoma. "Bamake Sampa, letani mupando wa balendo."

A Whyson anawerama, naika mbalezo pa khonde mosamala kuti zisalire.

"Musavutike na mupando," anatero. "Nasiya chisulo pa musewu."